Njiri Sanakane

Padangokhala, ana anga. Sunthirani pafupi kuti wamng'onoyu amve nawo, ndipo "tili tonse" wanuyo amveke.

Padangokhala Njiri, nyama yaulemu kuposa nyama zonse za m'tchire. Njiri sankadutsa mnzake osapereka moni. Ankafunsa za kunyumba, za ana, ngakhale za mwendo umene unatupa chaka chatha. Ndipo chibadwire chake, mawu oti "ayi" anali asanatulukepo pakamwa pake. Ankati amenewo ndi mawu a nyama zosaleredwa bwino.

Koma Njiri anali ndi vuto lake. Dzuwa likayamba kuwawa, khungu lake lopanda ubweya lija linkang'ambika, nkhupakupa n'kumanga mudzi kuseri kwa makutu ake. Mankhwala ake anali amodzi okha: matope. Ndipo thamanda losaphwa chaka chonse linali limodzi lokha m'tchire lonselo, kuseri kwa nyumba ya Kamba.

Kamba naye anali ndi lake vuto. Chaka ndi chaka udzu ukauma, anthu osaka mbewa ankatentha tchire. Choncho nyama zinaika lamulo lakuti mwini khomo aliyense azilambula udzu kuzungulira pakhomo pake mphepo ya mwera isanaleke, kuti moto ukafika uzisowa polowera. Wopezeka asanalambule ankasamutsidwa. Nyama zina zinkamaliza ntchitoyi tsiku limodzi. Kamba, ndi timiyendo take tija, ikanamutengera chaka. Kusamuka nako kunali kosatheka, chifukwa mkazi wake anali atakwirira mazira asanu ndi awiri m'mbali mwa chulu cha pakhomopo, ndipo mazira a kamba akakwiriridwa safukulidwanso.

Tsiku lina Njiri anafika kwa Kamba akudzikanda pa mtengo uliwonse wa m'njira.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, achimwene? Nanga mayi? Nanga alendo athu ali pansiwo?"

"Tadzuka, a Njiri. Khalani pansi, mungatithere mitengo." Kamba anamuyang'ana kwa kanthawi. "Inu muli ndi makasu awiri kukamwa. Ine ndili ndi matope. Bwanji tipangane? Mundilambulire kuzungulira pakhomo pano, ndipo thamanda lija likhale lanu kuyambira lero."

Njiri anamva ngati nkhupakupa zayamba kale kulongedza katundu.

Kamba anatenga maluzi awiri, namanga mfundo makumi awiri pa luzi lililonse. Lina anasunga, lina anapereka kwa Njiri.

"Kukacha aliyense azimasula mfundo imodzi. Mfundo yomaliza ikadzamasulidwa pakhomo pano pasanalambulidwe, thamanda lidzapita kwa amene adzalambule. Mwamva bwino?"

"Aa, achimwene! Mawu ngati amenewo ndi achiyani pakati pa inu ndi ine?" Njiri anaseka mpaka njerewere za kumaso kwake zinagwedezeka. "Koma aikeni, aikeni. Ngakhale kawiri. Ntchito imeneyi ndi ya masiku awiri."

Anakoleka luzi lake pa dzino, nathamangira kuthamanda. Phava! Matope anali ozizira, onona ngati mafuta. Njiri anagubuduka uku, nagubuduka uko, nayamba kuimba:

Sindinakane, sindinakane,
Mawa kukacha ndili pomwepo.

Mawa linafika, ndipo Njiri analidi pomwepo. Anayang'ana udzu, nasankha poyambira. Asanaike dzino pansi, anamva kulira kutsidya kwa khwawa. Kunali zovuta kwa Nyani: mayi ake anali atatisiya. Nanga nyama yoleredwa bwino ingamve maliro n'kumalambula? Njiri anapita. Manda onse anakumba yekha, adzukulu ena atangokhala pamthunzi. Maliro anatha masiku awiri. Tsiku lachitatu anatsalira kupepesa anamfedwa. Lachinayi anatsalira kulandira amene anabwera mochedwa kudzapepesa.

Pobwerera anatha tsiku lathunthu akutola masau odzaza chikwatu, nakatula pakhomo pa Kamba m'mawa mwake.

"Kangachepe, achimwene."

"Zikomo kwambiri," anatero Kamba. "Koma masau satchinga moto, a Njiri. Mfundo zatsala khumi ndi zinayi."

"Kodi ndakana?"

"Simunakane."

"Basitu."

Ndipo kuti Kamba aone kuti si nkhambakamwa, Njiri anayamba pomwepo. Anazula udzu, nakankha dothi ndi mphuno, fumbi koboo. Analambula malo otalika ngati thupi lake, kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Anabwerera m'mbuyo kuti awaone bwino. Anali malo okongola zedi.

Ali chiimire, anamva wina akudandaula m'njira. Anali Nkhanga, mayi wamasiye. Dengu lake linali litaphwasuka, mawere onse ali mbwee pansi.

"Pepani, mayi, pepani! Musalire."

Njiri anatola mawere aja, nayang'ana uku ndi uku kufuna chomangira dengu. Chomangira chinali pa dzino lake lomwe. Anamanga dengulo ndi luzi la mfundo lija, nalimbitsa bwinobwino. "Masiku ndimawadziwa pamtima," anadziuza. Kenaka anaona kuti si ulemu kusiya mayi asenze yekha, ndiye anamuperekeza mpaka kwawo kuseri kwa phiri. Kumeneko anapeza nkhokwe itapendekeka. Nanga mawere akanawathira m'nkhokwe yopendekeka? Anakumba maenje atsopano, naimika mizati, nafolera denga. Panapita masiku atatu.

Atabwerako thupi lonse linali kuphwanya, ndipo thupi lophwanya limafuna matope. Anagona m'thamanda tsiku lathunthu, ndi linzake lomwe.

Sindinakane, sindinakane,
Mawa kukacha ndili pomwepo.

Mkazi wa Kamba anatulutsa mutu pa mpanda.

"Nyimboyo ndi yokoma, a Njiri. Moto ukadzafika mudzauimbire, kapena udzakhala pansi kumvetsera."

"Mayi, mayi! Mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi malambe, ali pakhondepo."

"Tawaona. Tikawamwaza kuzungulira nyumba."

Njiri anaseka, chifukwa nyama yaulemu imaseka mayi akanena nthabwala. Koma mumtima anadandaula pang'ono. Anthu ena, anaganiza, ukawachitira zabwino saona.

Mphepo ya mwera inayamba kufooka. Udzu unauma gwa, ndipo madzulo ena utsi unkaoneka kutali kumadzulo. M'mawa wina Njiri anadzuka atatsimikiza mtima kuti lero ndi lero. Pakhomo pake anapeza Gologolo atakhala, maso ali psuu. Mkazi wake anali atathawira kwawo kutsidya kwa mtsinje chifukwa cha mkangano wa mtedza, ndipo nkhoswe ya banjalo anali Njiri.

Ali m'njira ndi Gologolo, anakumana ndi Kamba. Kamba anali atanyamuka dzulo lake kuti adzamupeze.

"A Njiri, ndabwera ndi miyendo yanga kuti musadzati simunamve. Mfundo zatsala zinayi. Lamulo likandipeza pakhomo posalambula, wosamutsidwa ndine, osati inu. Ndipo mazira aja sayenda."

"Achimwene, mwavutikiranji ulendo wonsewu? Kodi ndakana?"

"Simunakane."

"Uwu ndi ulendo wa tsiku limodzi. Ndikangolumikiza banjali, mawa ndili pomwepo."

Banja analilumikizadi. Analankhula mokoma mpaka apongozi a Gologolo anagwetsa misozi. Chifukwa cha chimwemwe anafulula mowa, ndipo mowa suphikidwa tsiku limodzi. Nanga nkhoswe ingachoke mowa wa chiyanjano usanapse? Njiri anakhala kutsidyako masiku asanu ndi limodzi.

Pobwera, atayandikira kwa Kamba, anaima chilili. Kuzungulira pakhomo ponse panali patalambulidwa. Dothi lofiira linali poyera, lotakata bwino, popanda ndi kaudzu komwe. Kamalo kake kaja sikankadziwikanso kuti kanali pati.

Mtima wa Njiri unasungunuka. "Taonani," anadziuza. "Ukamathandiza anzako, nawenso amakuthandiza. Wina wandigwirira ntchito yanga mwakachetechete. Ndikasamba ndikamufunafuna ndimuthokoze."

Anathamanga kamchira kali njo, nalumphira m'thamanda. Anagwera pa chinthu cholimba, chaubweya. Chinthucho chinadzuka. Anali Nguluwe, mlamu wake, amene anakwatira mlongo wake. Nguluwe ankadziwika tchire lonse kuti sapereka moni, sapita kumaliro, ndipo ukamupempha kanthu amayankha usanamalize.

"Alamu! Mwaswera bwanji? Nanga kunyumba? Mwabwera kudzandichezera?"

"Tulukani."

"Mwati bwanji?"

"Thamanda ndi langa. Mfundo za a Kamba zinatha dzana. Anandiitana, ndalambula, ndamaliza. Tulukani, mukundivundulira madzi."

Njiri anatuluka, chifukwa si ulemu kukangana ndi mlamu uli m'madzi. Anapita kwa Kamba. Kamba anangomuonetsa luzi lake, lowongoka, lopanda mfundo ndi imodzi yomwe.

Patapita masiku awiri moto unafika. Unabwera masana ndi mphepo, ukulilima, nudya tchire lonse kuyambira kuphiri mpaka kumtsinje. Utafika pa dothi lofiira la kwa Kamba unaima, nuzungulira, nupitirira. Nyumba inatsala. Mazira anatsala.

Njiri atamva zimenezi anakondwera kawiri. Anakondwa kuti mazira apulumuka, ndipo anakondwa kuti tsopano mlandu wake wayera. Palibe wapsa, palibe wasamuka, iye sanakanepo. Thamanda amulanda chifukwa chiyani? Anakasuma kubwalo.

Wozenga milandu masiku amenewo anali Nang'omba, chimbalame chakuda cha khosi lofiira, choyenda pang'onopang'ono ngati chikuwerenga mapazi ake. Bwalo linakhala pansi pa mkuyu umene moto unausiya. Nyama zinadzaza, chifukwa aliyense ankamukonda Njiri. Nguluwe anafika mochedwa, matope akudontha, nakhala kumbuyo osapereka moni.

"Wodandaula ndinu, a Njiri," anatero Nang'omba. "Tiuzeni."

Njiri anapereka moni kwa bwalo, kwa akuluakulu, kwa amayi, kwa amene anali mumtengo. Kenaka anati:

"Akuti ndinaphwanya pangano. Ine ndikudziwa kuti kuphwanya pangano n'kuimirira pamaso pa mnzako n'kunena kuti, 'Sindichita.' A Kamba ali apa. Anene ngati anamvapo mawu amenewo pakamwa panga."

"A Kamba?"

"Sindinawamvepo," anatero Kamba.

Nyama zinang'ung'udza mokondwa. Njiri anatukula mutu.

"Pangano lenilenilo mukulivomera?" anafunsa Nang'omba. "Mfundo makumi awiri, ndi mawu aja onena za thamanda?"

"Ndikulivomera. Ndinachita kunena ndekha kuti awaike kawiri. Koma ndili ndi mboni zoti zinene kuti ndine nyama yotani."

Woyamba kuimirira anali Nyani. Anafotokoza za maliro a mayi ake.

"Masiku amenewo a Njiri ankaoneka odwala?" anafunsa Nang'omba.

"Odwala? Awa? Manda onse anakumba okha! Dothi lake louma ngati mwala, koma dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza. Mphamvu zimene zija sindinazionepo."

Njiri anaweramitsa mutu modzichepetsa. Mlandu unali kuyenda bwino.

Wachiwiri anali Nkhanga. Iye anabwera ndi dengu lomwe lija kuti bwalo lione ndi maso.

"Onani mmene anandimangira. Mpaka lero silinaphwasukenso. Ndipo nkhokwe yanga anaimika masiku atatu osapuma, osalandira kanthu."

Nang'omba anasendera pafupi, napendeketsa mutu, nayang'anitsitsa chomangira dengucho ndi diso limodzi.

"Luzi lokongola. Mfundozi ndi zingati, mayi?"

"Khumi ndi zinayi. Sindidziwa kuti anazimangiranji, koma zimagwirika bwino posenza."

Kumbuyo kunamveka kaphokoso. Anali Nguluwe, ndipo aka kanali koyamba kuti nyama zimumve akuseka.

Wachitatu anali Gologolo, atagwirana dzanja ndi mkazi wake.

"Mtsinje unali wodzaza, moti a Njiri analephera kuwoloka kubwerera?" anafunsa Nang'omba.

"Ayi, chilimwe chino? Ngakhale ine ndinawoloka osanyowa mchira. Anakhala chifukwa cha ulemu basi. Ndipo kuvina kwake! Masiku asanu ndi limodzi osatopa."

"Zikomo. A Njiri, funso lomaliza. A Kamba anakutsekerezanipo? Anakubisirani malo, kapena kukukanizani matope?"

"Ayi ndithu, ndisawanamizire. Matope ndinasamba tsiku lililonse limene ndinalipo. Ndipo anandikumbutsa kawiri, kachiwiriko anachita kuyenda tsiku lathunthu."

Kenaka Nang'omba analankhula ndi mawu ake akuya aja, omveka ngati ng'oma ya kutali.

"A Njiri, bwalo lino lamva, ndipo likuvomereza kuti m'tchire muno mulibe nyama ya mtima wabwino ngati inu. Ine ndemwe ndikadzafa, ndikupempha kuti manda anga mudzakumbe ndinu."

Nyama zinaomba m'manja. Njiri anayang'ana kumene kunali thamanda.

"Koma bwalo silinaitanidwe kudzaona mtima wanu. Laitanidwa kudzaona pansi pa khomo la a Kamba, pa tsiku limene mfundo yomaliza inamasulidwa. Tsiku limenelo panali udzu. Wonena kuti 'sindichita', ndi wonena kuti 'ndichita mawa' mpaka masiku kutha, ndi wolambula kamalo kotalika ngati thupi lake n'kuchokapo, pamaso pa bwalo onsewo ali ndi dzina limodzi: alephera pangano. Kusiyana kwake n'kwakuti woyambayo amamupatsa mnzake nthawi yofuna wina."

"Koma maliro aja!" anatero Njiri.

"Maliro anali masiku awiri. Mfundo zinali makumi awiri. Mukanakhala kuti munadwala, kapena mtsinje unakutsekerani, kapena a Kamba anakulepheretsani, bwalo likanamva. Ine ndinafunafuna chifukwa chotero kuti ndikuthandizeni. Mboni zanu zachotsa zonse. Zanena kuti mphamvu munali nazo, nthawi munali nayo, njira inali yotsegula."

Nyani anayang'ana pansi. Nkhanga anakankhira dengu lija kumbuyo kwake pang'onopang'ono.

"Nanga masau? Nanga malambe?"

"Anali okoma, a Kamba?"

"Okoma kwambiri," anatero Kamba.

"Bwalo likuthokoza. Koma sanali m'pangano."

"Komatu palibe amene wapsa!" Mawu a Njiri anayamba kuchepa. "Mazira ali bwinobwino!"

"Ali bwino chifukwa cha alamu anu. Kapena mukanakonda apse, kuti mlandu ukhale wokwanira? Thamanda ndi la a Nguluwe. Bwalo latha."

Njiri anaimirira. Kuseri kwa makutu kunayamba kunyerenyetsa.

"Ngati vuto ndi kulambula, ndilambula! Lero lomwe! Muone!"

Anathamanga, nyama zikumutsatira. Atafika kwa Kamba anasankha malo kunja kwa mzere wa Nguluwe, kuti wake ukhale waukulu kuposa. Koma tchire lonse linali lupsa lokhalokha, lakuda bii mpaka kuphiri. Panalibe udzu woti azule, ngakhale umodzi. Njiri sanabwerere m'mbuyo. Anagwada pa mawondo akutsogolo kuti afike pansi bwino, nayamba kukankha phulusa ndi mphuno. Anakankha tsiku lonse. Anakankha ndi mawa lake. Palibe maliro amene anamuchotsa, palibe dengu, palibe banja. Nyama zodutsa zinkamupatsa moni, iye osayankha.

Madzulo a tsiku lachiwiri anamaliza. Unali mzere wotakata, wosalala, wozungulira bwino, wotchinga moto umene unali utadutsa kale. Anaitana Kamba, thupi lonse lili mbuu ndi phulusa.

Kamba anatuluka, nayang'ana uku, nayang'ana uko.

"Mwagwira ntchito, a Njiri. Munanena zoona, ndi ya masiku awiri."

Njiri anadikira kuti Kamba anene zina. Kamba anabweza mutu m'chigoba. Kuseri kwa nyumba kunkamveka matope akuphulika pang'onopang'ono, ndi mkonono wa Nguluwe.

N'chifukwa chake mpaka lero, ana anga, mukadzaona njiri kutchire, mudzaipeza itagwada pa mawondo akutsogolo, mphuno ili m'dothi, ikukankha ndi mtima wonse. Mudzaipatse moni, ndi nyama yabwino. Ikungomaliza ntchito imene tsiku lake linapita.

Nthano yanga yakhala pansi apa, ndipo chimene yasenza n'chimodzi: pangano silifunsa ngati unakana, limafunsa ngati unachita, pa tsiku limene munapangana.